Za Mulan uja mwafunsa

Achemwali, mwafunsa ngati katuni ya Mulan imene mwana wanu wamkazi akuikonda ikuonetsadi mmene anthu a ku China amaonera akazi. Ine ndinganene kuti pang'ono chabe, zambiri ndi zokometsera za Disney.

Filimuyo inatuluka mu 1998, yopangidwa ku America, koma nkhani anaitenga mu ndakatulo yakalekale ya ku China, ya zaka zoposa 1,400 zapitazo. Ndiye mukaziyerekeza ziwirizi mudabwa. Monse muwiri Mulan ndi mtsikana wopita kunkhondo m'malo mwa bambo ake akudzionetsa ngati mwamuna, koma mu ndakatulomo sachita kuzemba usiku ngati mufilimumo ayi, amapita kumsika kukagula hatchi ndi chishalo n'kutsanzika makolo bwinobwino, amakhala limodzi ndi asilikali anzake zaka 12 osadziwa kuti ndi mkazi, ndiye mfumu itati imupatse udindo waukulu iye kukana, akuti angofuna kubwerera kwawo basi. Kufika kunyumba kuvala zovala zake zachitsikana, anzake aja kukamwa yasa. Zomuopseza kuti aphedwa chifukwa ndi mkazi mulibe, chibwenzi ndi kaputeni mulibe, ngakhale zija zomudzoladzola n'kupita naye kwa mayi wopezera atsikana mabanja zija mulibenso. Anachita kuwonjezera kuti aoneke mtsikana wopandukira mwambo wakwawo, paja ku Hollywood nkhani zoterozo ndiye zimayenda malonda.

Sindikuti akazi kumeneko ankangomva kukoma ayi. Zomanga mapazi atsikana kuti akhale aang'ono zinkachitikadi, ndipo maukwati okakamizidwa ndi makolo anachita kuwaletsa ndi lamulo mu 1950. Koma osapachika zonsezo pa Mulan.

Chimene chimandinyansa ine ndi Mushu, kachinjoka koperekeza Mulan mufilimumo. Kwa anzathuwo chinjoka ndi chinthu chaulemu, chizindikiro cha mvula komanso ufumu, koma apa anachisandutsa kabuluzi kanthabwala kolankhula ndi mawu a Eddie Murphy kkkk, kuseketsa kumaseketsadi koma eee. Nanga adani aja, khungu lotuwa maso achikasu ngati zilombo.

Mwana musamuletse, ingomufotokozerani nkhani yoyambayo, aikonda. Akasinkhukako mumupezere katuni ya Turning Red ya 2022, anaitsogolera ndi mzimayi, Domee Shi, wobadwira ku Chongqing n'kukulira ku Toronto. Ena amati mayi wovuta wa mmenemo ndi zomwe zija zoti azimayi achitchaina ndi okhwimitsa malamulo, koma bola iyeyu akukamba za kwawo. Kungoti muyambe mwaionera nokha, imakhudza za kutha msinkhu.