Funsani Tikuyankheni: Kodi Kakompyuta Kakang'ono Kangakwanitse Ntchito za Pakhomo?

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare. Kompyuta yathu ya bokosi lalikulu yakalamba: imachedwa kuyaka, imalira ngati chigayo, ndiponso yadzaza tebulo limene ana amalemberapo. Mwana wanga wachisamba akuti tigule kakompyuta kakang'ono kamene akukatchula kuti mini PC. Ine ndimasungiramo kaundula wa zopereka za gulu lathu lothandizana pa maliro, ana amachitiramo za kusukulu, ndipo Lamlungu timacheza pa vidiyo ndi abale athu a ku Dedza. Kodi kanthu kochepa chonchi sikachidole chabe?

Mayi wa ku Mufakose

YANKHO

Mayi, mwana wanuyo wakulangizani bwino. Ntchito zonse zimene mwatchulazi n'zopepuka, ndipo kakompyuta kameneka kangathe kuzigwira popanda kuvutika, chifukwa mkati mwake muli zipangizo za mtundu womwewo wa zimene zimakhala mu laputopu. Makampani akuluakulu amapanga timakompyuta totere: Dell anapanga OptiPlex Micro, HP ali ndi EliteDesk Mini, Lenovo ali ndi ThinkCentre Tiny, ndipo Apple ali ndi Mac mini. Tambiri tingathe kumangiriridwa kuseri kwa sikirini, kotero kuti tebulo la ana lidzatsala ndi malo.

Nkhani imene ndikufuna kuti muyiganizire mofatsa ndi ya magetsi. Kompyuta yakale ya bokosi lalikulu ingathe kudya mawati 100 kapena kuposerapo, pamene kakang'onoka nthawi zambiri kamadya pakati pa mawati 10 ndi 30 pa ntchito wamba. Tiyerekeze kuti mumayatsa maola asanu tsiku lililonse. Ya mawati 100 idzatha mayunitsi 15 pa mwezi, pamene ka mawati 20 kadzatha mayunitsi atatu okha, tikapatula zimene sikirini imadya payokha. Kwa banja logula magetsi olipiriratu, kusiyana kumeneku kumaoneka ndithu pa mita. Ngati muli ndi sola ndi batire, phindu lake limakula, chifukwa batire limene kompyuta yaikulu ingalimalize msanga lingathe kuyendetsa kakang'onoka madzulo onse.

Koma apa m'pamene ambiri amakhumudwa atagula kale: kakompyuta kameneka kalibe batire mkati. Magetsi akangothima, nako kamazima nthawi yomweyo, ndipo zimene simunasunge zimatayika. Kuno ku Harare, kumene kuzimazima kwa magetsi kumanyanya madzi akachepa ku Kariba, zimenezi si zoyenera kuzinyalanyaza, makamaka kwa inu amene mukusunga kaundula wa ndalama za anthu ena. Choncho powerengera mtengo muphatikizemo UPS, kachipangizo kokhala ndi batire kamene kamakupatsani mphindi zingapo zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino. Mukaona kuti ndalama za zonse ziwiri sizikukwana, ine ndinganene mosabisa kuti laputopu ingakuyenereni kuposa kakompyutaka, popeza batire, sikirini ndi kamera zili momwemo.

Timakompyuta tambiri togulitsidwa motchipa m'masitolo a m'tauni tinagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja. Palibe cholakwika ndi zimenezi, chifukwa tinapangidwa kuti tiziyaka tsiku lonse, koma funsani za zaka zake. Kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10, pulogalamu yoyendetsera kompyuta, pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kuti pulosesa, ubongo wa kompyuta, ikakhala ya Intel ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yatsopano kuposa pamenepo. Kuzindikira kwake n'kosavuta: pa dzina longa i5-8500T, nambala 8 yotsatira kamzereko ndiyo m'badwo wake, ndipo mukaona i5-6500T dziwani kuti n'kakale, ngakhale wogulitsa atakapukuta mpaka kuwala. Musalole memore (RAM), imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu, yochepera 8 GB, ndipo mosungiramo zinthu mukhale mwa mtundu wa SSD, chifukwa kuchedwa kuyaka kumene mukudandaula nako kawirikawiri kumachokera ku hadi disiki yachikale yozungulira. Pa timakompyuta ta Dell, HP ndi Lenovo tija, memore ingathe kuwonjezeredwa m'tsogolo, koma pa Mac mini yatsopano, imene mwagula ndi yomweyo mpaka kalekale.

Sikirini, kiyibodi ndi mausi zanu zakale musataye. Ingoyang'anani polowetsa chingwe: sikirini zakale zambiri zili ndi VGA, pulagi yabuluu ija, pamene timakompyutati nthawi zambiri timakhala ndi HDMI kapena DisplayPort, ndipo mungafunike kachingwe kolumikizira ziwirizi. Kuti abale a ku Dedza akuoneni ndi kukumvani, mudzafunika kamera ya USB yokhala ndi maikolofoni. Funsaninso ngati muli Wi-Fi, chifukwa tina tochokera m'maofesi tinkalandira intaneti kudzera pa chingwe chokha. Malo oikamo DVD musawayembekezere.

Fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala limatseka msanga timabowo topitira mphepo, ndiye musakaike pansi kapena kukafunditsa kansalu kokongoletsa kaja pamene kali koyaka.

Musanachotse kompyuta yakaleyo, koperani kaundula wa gulu lanu pa fulashi ziwiri, imodzi musunge nokha ndipo ina mupereke kwa mlembi kapena msungichuma mnzanu. Pogula, pitani ndi mwana wanuyo, muuze wogulitsa ayatse kakompyutako inu mukuona, ndipo chitsimikizo cha miyezi imene angakabweze kakavuta achilembe pa lisiti.