Funsani Dokotala: Kudya paulendo mu Harare, poopsa ndi pati?

Funso: Adokotala, ine ndimachita geni ya nsalu ndi nsapato. Ndimakwera basi ku Blantyre, kudzera pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, n'kudzagona masiku awiri kapena atatu mu Harare. Zaka zonsezi ndimadya nsima pa mmemo pafupi ndi Mbare Musika, ndipo sindinadwalepo. Ulendo wathawu mwana wa achemwali anga ananditengera ku lesitilanti yokongola m'tauni, ya matebulo oyala nsalu. Ndinadya mpunga, nkhuku, saladi, n'kumwera juwisi wothira ayezi. Usiku wa tsiku lotsatira m'mimba munatseguka, masiku atatu osaleka. Ndinamwa Flagyl amene ndinali naye m'chikwama. Chinalakwika n'chiyani, popeza malowo anali aukhondo? (Mayi wa geni, Ndirande)

Yankho: Pepani kwambiri mayi, ndikhulupirira kuti mphamvu zabwerera. Nkhani yonga yanuyi ndimaimva kawirikawiri kwa abale athu odutsa mumzinda uno, ndiye ndiitambasula pang'ono.

Tiyambe ndi nsima ya ku Mbare ija, imene eni dziko amati sadza. Imachoka pamoto n'kufika m'mbale mwanu ikufuka nthunzi, ndiwo nazo zikubwata pambali. Pamalo potero anthu amabwera motsatizana, mphika sukhalitsa, ukatha aphika wina. Tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, kolera ndi taifodi timafa chakudya chikatentha kufika madigiri 70 mpaka m'kati. Chimene chakhala chikukutetezani zaka zonsezi ndi moto.

Tsono yang'ananinso mbale ya tsiku lija. Saladi sadutsa pamoto. Letesi, kabichi ndi tomato zimangotsukidwa, n'kudulidwa ndi manja a munthu, basi zabwera kwa inu. Ayezi naye ndi madzi chabe, ndipo kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka mpaka ayeziyo asungunuke m'tambula mwanu. Pa zonse zimene munadya, ziwirizi ndi zimene ndikuzikayikira kwambiri. Sindikuti malo odula ndi oipa ayi, ambiri amasamala ndithu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsalu ya patebulo siingakuuzeni kumene anatunga madzi otsukira letesi, kapena kuti firiji inakhala maola angati magetsi atazima.

Nkhani ya madzi mu Harare ndi yakale ndipo ndi yopweteka. Madzi ambiri a mumzindawu amachokera ku Lake Chivero, n'kuyeretsedwa pa Morton Jaffray. Nyanjayi ili kumunsi kwa mzinda, kotero zonyansa zochoka mumzinda momwemu zimakathera mmenemo. Otuluka kumpopi sakwanira onse, ndiye makomo ambiri ndi malo odyera amadalira mijigo, zitsime ndi madzi obwera pa magalimoto a thanki. Mipope ya zonyansa za m'zimbudzi ikaphulika, zonyansazo zimalowerera pansi n'kukafika m'zitsime ndi m'mijigo ina. Kolera wa 2008 mpaka 2009 anagwira anthu oposa 98,000 m'dziko lino la Zimbabwe, ndipo oposa 4,000 anamwalira. Mu September 2018 anabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro mu Harare muno, kenako anabweranso mu 2023 mpaka 2024. Inu a ku Blantyre simukusowa kuuzidwa, mukukumbukira zimene kolera anachita kwathu mu 2022 ndi 2023.

Ndiye paulendo imwani madzi a m'botolo limene chitsekerero chake mwathyola nokha, kapena tiyi wotentha, kapena madzi amene mwawiritsa kapena kuthira WaterGuard. Poitanitsa chakumwa nenani msanga kuti asathire ayezi. Zipatso sankhani zosenda nokha: nthochi, malalanje, manachesi. Zodulidwa kale, zoyalidwa pathebulo m'mbali mwa msewu, zisiyeni ngakhale zikukopeni bwanji.

Mpunga nawo ndiutchule, chifukwa anthu ambiri amauyesa wosalakwa. Muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamene njere zake sizifa pophika. Mpunga ukaphikidwa m'mawa n'kukhala wofunda chabe mpaka madzulo, kachilomboka kamaswana n'kutulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Munthu amayamba kusanza pakangopita ola limodzi mpaka maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Inu munayamba patatha tsiku lathunthu, ndiye mwina sunali mpungawo, komabe dziwani kuti chakudya chophika sichiyenera kukhala pamtunda kupitirira maola awiri chisakutentha kapena kuzizira. Zakudya zoyalidwa m'mathireyi kuti aliyense azidzitengera, ngati mwavundukula osaona nthunzi, pitani pa china. Ndipo musachite manyazi kufunsa woperekera zakudya kuti, "Achimwene, izi zaphikidwa nthawi yanji?" Safunsa anadya phula.

Pa mmemo wanu uja palinso msampha wake, ndipo sindingakubisireni. Ndi beseni losambira m'manja. Ife timadya nsima ndi manja, manja omwewo amene agwira zitsulo za m'basi, zitseko za zimbudzi za pa siteshoni ya mabasi ya Roadport, ndi madola okwinyika aja amene adutsa m'manja mwa anthu osawerengeka. Beseni limodzi likazungulira anthu khumi, wachikhumi amasamba litsiro la anzake onse. Pemphani akuthirireni madzi ndi jagi, ndipo kachidutswa ka sopo kazikhala m'chikwama mwanu pafupi ndi pasipoti. Mbale nayo ikhale youma. Ikabwera ikudontha madzi otsukira, pemphani ina.

Za Flagyl uja, mayi, ndikupempheni kuti musadzabwerezenso. Nthawi zambiri kutsegula m'mimba kwa paulendo kumatha kokha pamasiku atatu kapena anayi, ndipo Flagyl sagwira tizilombo tambiri timene timakuyambitsa. Chimene chimapha munthu ndi kutha kwa madzi m'thupi. Muziyenda ndi mapaketi awiri kapena atatu a thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, n'kumamwa kapu nthawi iliyonse mwachoka kuchimbudzi. Akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Kudya musaleke: phala, nthochi, nsima yofewa.

Koma chimbudzi chikamatuluka ngati madzi otsukira mpunga, chambiri komanso pafupipafupi, ameneyo tizimuyesa kolera mpaka achipatala anene kuti ayi. Amatha kufoola munthu wamkulu pamaola ochepa. Musakwere basi poganiza kuti mukaonera kumudzi, chifukwa pakati pa Harare ndi Blantyre pali makilomita pafupifupi 600 ndi zipata za malire ziwiri zodikirirapo. Yambani kumwa ORS pomwepo n'kupita kuchipatala. Cha Beatrice Road, chimene chimaona matenda opatsirana, chili pafupi ndi Mbare pomwepo. Chimodzimodzinso mukaona magazi m'chimbudzi, thupi likatentha, mukamasanza chilichonse chimene mwamwa, kapena mkodzo ukasiya kubwera.

Funso: Adokotala, ndine dalaivala wa thiraki, ndimayenda Lilongwe, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg. Chaka chatha anandipeza ndi shuga ndi BP. Kunyumba mayi a ana amandisamala bwino, koma pamsewu ndimadya zimene ndapeza: nkhuku ndi chipisi, zoziziritsa kukhosi, ndipo ndikagona mu Harare anzanga amanditengera ku kanyenya. Ndikabwerako shuga amakhala atakwera. Ndisiye ntchito kodi? (Bambo wa ku Kawale)

Yankho: Ntchito musasiye bambo, ana akudya momwemo. Zofunika kusintha zilipo, ndipo zambiri mungazikwanitse ulendo ukubwerawu.

Choyamba kuchotsa ndi chakumwa, osati nsima. Botolo la 500 ml la zoziziritsa kukhosi zotsekemera limakhala ndi shuga woposa magalamu 50, ndiye kuti masupuni aang'ono 12 kapena 13. Mukamwa awiri patsiku, mapiritsi anu akulimbana ndi phiri. Maheu a m'mabotolo, amene amatikumbutsa thobwa, nawonso amathiridwa shuga, chimodzimodzi Mazoe wosungunula ndi zakumwa zija madalaivala amamwa pofuna kuthamangitsa tulo. M'galimoto muzikhala madzi okwanira, ndi tiyi wopanda shuga m'fulasiki.

Pa chakudya, Harare ndi mzinda wabwino kwa munthu wa shuga ngati akudziwa choitanitsa. Malo ophika zachikuda alipo ambiri. Funsani muriwo, ndiye ndiwo zamasamba: repu, covo, nkhwani, nthawi zina zotendera zimene iwo amati muriwo une dovi. Masambawo adzaze theka la mbale. Nsima ikhale mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chanu, osati iwiri. Pena mupeza sadza rezviyo, nsima ya mawere, imene ili ndi gaga wambiri kuposa ya ufa woyera, koma nayonso imakweza shuga mukaichulutsa. Ndiwo yapambali ikhale nyemba, matemba, nsomba kapena nkhuku ya lokolo yophika ndi msuzi. Nkhuku yokazinga ndi chipisi isakhale ya tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku limene mwadya chipisi musaonjezerenso buledi kapena nsima.

Za kanyenya, amene kuno amati gochi-gochi, ndikudziwa kuti ku malo ngati Mereki ku Warren Park anthu sapitira nyama yokha, amapitira kucheza, ndipo munthu amene wakhala yekha m'thiraki masiku anayi amafuna anzake. Pitani ndithu. Sankhani nyama yopanda mafuta ambiri, kukula kwake ngati chikhatho chanu, ndipo mchere uja amauthira pambali kuti muzisunsa, usiyeni. Munthu safunika kupitirira magalamu 5 a mchere patsiku, supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, kuphatikiza umene uli kale m'zakudya. Soseji, poloni ndi zokometsera za m'mapaketi zili ndi mchere wambiri umene lilime siliumva, koma BP imaumva. Nyama ipse mpaka m'kati, makamaka ya nkhumba ndi nkhuku, pasaoneke pofiira pafupi ndi fupa, ndipo yowotcha isabwerere pambale imene panali yaiwisi. Mowa ndi mapiritsi a shuga sizigwirizana, nanji m'mawa mwake muli pa chiwongolero.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri mwa madalaivala kuposa shuga wokwera, ndicho shuga wotsika. Ngati mumamwa mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena mumadzibaya insulin, ndiye mwaima pamzere pa Beitbridge maola ambiri osadya, shuga amatha kugwa mwadzidzidzi. Mumayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, maso kuchita chidima. Zikatero imitsani galimoto pomwepo, idyani maswiti atatu kapena anayi kapena imwani theka la kapu ya chakumwa chotsekemera, kenako mudye chakudya chenicheni. Maswitiwo azikhala poti dzanja lifika muli chikhalire. Mtedza wokazinga wopanda mchere ndi zipatso zizikhalanso m'galimoto kuti nthawi ya chakudya isakudutseni. Insulin musamusiye padzuwa pa dashibodi, kutentha kumamuononga. Ndipo mukatsegula m'mimba kapena kusanza muli pa mapiritsi a shuga a metformin ndi mapiritsi a BP, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi akachepa m'thupi impso zanu zimavulala msanga kuposa za munthu wina.

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka 9 ndinapita naye m'tauni kukagula za sukulu, tinadya kumeneko n'kumwa mafirizesi a m'mapepala. Patha masabata awiri, tsopano thupi likutentha masiku asanu, mutu, m'mimba kupweteka, koma sakutsegula. Malungo anamuyeza sanawapeze. Mnansi wandipatsa ciprofloxacin wotsala kwa mwana wake. Ndimupatse? (Mayi wa ku Mabvuku, Harare)

Yankho: Musamupatse mayi, ndipo mubwerere naye kuchipatala lero, osati mawa. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi taifodi. Matendawa amalowa kudzera m'chakudya kapena madzi oipitsidwa ndi chimbudzi cha munthu, ndipo amabisala sabata imodzi mpaka atatu asanaonekere, n'chifukwa chake anthu ambiri sawalumikiza ndi zimene anadya kalekale. Mafirizesi omangidwa pakhomo amakhala abwino kapena oopsa monga mwa madzi amene anapangira. Kusatsegula m'mimba kusakupusitseni, odwala taifodi ambiri amachita kudzimbidwa.

Mu Harare muno mwapezeka kale taifodi wosamva ciprofloxacin, ndiye mapiritsi otsalawo akhoza kungoziziritsa thupi masiku awiri matenda akupitirira m'kati, komanso kusokoneza zotsatira za kuyeza. Kuyeza kodalirika ndi kotenga magazi n'kuwasunga ku labu kuti aone ngati kachilomboko kamera, ndipo magaziwo ndi bwino atengedwe mwana asanamwe mankhwala opha tizilombo. Taifodi akalekereredwa mpaka sabata yachitatu amatha kuboola matumbo. Mwana akayamba kulimba pamimba, kubwebweta kapena kuchita chimbudzi chakuda, thamangani naye ngakhale pakati pa usiku.

Katemera wa taifodi anaperekedwa m'madera ena a Harare mu 2019, n'kufalikira dziko lonse la Zimbabwe mu 2021, ndipo ku Malawi anayamba mu 2023. Amateteza kwambiri ngakhale kuti si kotheratu, ndiye tengani khadi la mwana kuti anamwino aone ngati analandira. Muwauze tsiku limene kutentha kunayamba, mankhwala alionse amene wamwa kale, ndiponso ngati pakhomopo pali wina amene akudwala mofananamo. Madzi akumwa pakhomo muziwiritsa kuyambira lero, ndipo amene akusamalira mwanayo azisamba m'manja ndi sopo asanagwire chakudya cha ena.