Kukumbukira malume amene ankaphunzitsa apolisi za mfuti

Funso: Malume anga, amene anagwira ntchito ya upolisi kwa zaka zambiri ndipo ankaphunzitsa anzawo kagwiritsidwe ntchito ka mfuti, anatisiya chaka chatha. M'sutikesi mwawo tapezamo yunifolomu, makope a maphunziro awo ndiponso zipolopolo zingapo zokulungidwa m'kansalu. Kodi zinthuzi tichite nazo chiyani, nanga tingawakumbukire bwanji moyenera?

Yankho: Pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya malume anu. Tiyambe ndi zipolopolozo, pakuti sizoyenera kusungidwa ngati chikumbutso: musazitaye kudzala kapena pamoto, chifukwa zikatenthedwa zimaphulika, koma dziwitsani apolisi kuti adzazitenge okha. Mufunsenso za yunifolomuyo, popeza kawirikawiri imakhala katundu wa boma.

Makopewo ndiwo chuma chenicheni. Mukawatsegula, sindikukayika kuti mupezamo malangizo amene mphunzitsi aliyense wa mfuti amawabwereza mosatopa: kuti mfuti iliyonse uziyiona ngati kuti ili ndi chipolopolo, usamailozetse pa chinthu chimene sukufuna kuchiwombera, chala chisakhudze kachitsulo kamene umakoka powombera mpaka utatsimikiza, ndiponso uziona chimene chili kuseri kwa chimene walunjika. Ambiri amaganiza kuti ntchito yotereyi ndi yophunzitsa kupha, koma ine ndimaona kuti mbali yaikulu ndi yophunzitsa kudziletsa.

Funafunani amene anaphunzitsidwa ndi malume anuwo, makamaka opuma pantchito, muwapemphe akufotokozereni mmene ankawawongolera kaimidwe ndi kagwiridwe ka mfuti. Mulembe zimene anganene m'masamba otsala a makope omwewo, pafupi ndi zolemba za malume anu.