Kodi kulemera kwa phiri la Mulanje kungachititse kuti miyala izidutsa magetsi?

Mphunzitsi wina wa sayansi wa ku Chitakale watilembera imelo. Akuti ana ake a Fomu 4 anamva kuti mwala ukapanikizidwa kwambiri umayamba kudutsa magetsi ngati waya, ndiye akufuna kudziwa ngati miyala ya pansi pa Sapitwa, yomwe yasenza phiri lonselo, ili choncho.

Aphunzitsi, yankho ndi lakuti ayi, koma anawo sananamizidwe kwenikweni.

Kupanikizika kotereku kumayezedwa ndi gigapascal, mwachidule GPa. GPa imodzi ili ngati matumba 200 a chimanga a makilogalamu 50 atasanjikizidwa pa chikhadabo chimodzi. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo mwala umene uli pakati pa nsonga ndi chigwa cha minda ya tiyi ndi wopitirira pang'ono makilomita awiri. Kulemera kwake konseko kumangofika pafupifupi 0.06 GPa. Kwa mwala, kumeneku n'kusisita chabe.

Tengani quartz, mwala woyera uja wopezeka mu mchenga wa mtsinje wa Likhubula. Ndi okusayidi wa silicon, kutanthauza kuti ndi silicon wogwirana ndi okosijeni, ndipo atomu iliyonse ya silicon imazunguliridwa ndi maokosijeni anayi. Pa 2 mpaka 3 GPa, pakakhalanso kutentha kwakukulu, maatomu amasanjika mothithikana n'kukhala coesite, mwala umene Loring Coes anaupanga mu 1953. Mukafika cha m'ma 8 mpaka 10 GPa, silicon amagwira maokosijeni asanu ndi limodzi, mwala n'kukhala stishovite, wolemera magalamu 4.3 pa kyubiki sentimita pomwe quartz amalemera 2.65. Kasanjidwe kasinthiratu, koma magetsi sadutsabe. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: kuthithikana kwa maatomu pakokha sikumasula maelekitironi, tizinthu ta m'maatomu timene timanyamula magetsi.

Amene amasintha ndi maokusayidi a zitsulo monga ayironi ndi manganese. Hematite, okusayidi wa ayironi yemwe amathandiza kufiiritsa dothi la ku Mulanje ndi Thyolo, sadutsa magetsi bwino chifukwa maelekitironi ake amakanana, aliyense n'kukhala phee pa atomu yake. Maatomu akayandikizidwa mokwanira, njira za maelekitironiwo zimalowana ndipo amayamba kudumpha kuchoka pa atomu ina kupita pa ina. Kwa hematite izi zimachitika cha pa 50 GPa, pomwe amanyala mwadzidzidzi n'kutayanso umaginito wake. Okusayidi wa manganese amadikira mpaka cha pa 100 GPa. Koma wa aluminiyamu, amene amachokera ku mwala wa bauxite ngati wa ku Lichenya pa phiri la Mulanje, amasintha kasanjidwe pa kupanikizika kofananako osadutsabe magetsi. Kuti muyerekeze, pakati penipeni pa dziko pali 360 GPa.

Nanga asayansi amayeza bwanji? Amagwiritsa ntchito kachipangizo kokwana m'dzanja, ka madayamondi awiri oyang'anizana, ansonga zosalala zotambalala pafupifupi mamilimita 0.3. Pakati pawo amaika kachitsulo kopyapyala ka rhenium, amakadinda kaye ndi madayamondiwo, kenaka amaboola kabowo pakati. M'kabowomo mumalowa kachidutswa ka okusayidi kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, ndi kambewu ka mwala wofiira wotchedwa ruby. Ruby akamuwalitsa ndi laser amatulutsa kuwala kofiira kwa mananomita 694 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwalako), ndipo nambalayi imakwera ndi pafupifupi 0.36 pa GPa iliyonse. Ndiyo sikelo yawo. Magetsi amayezedwa ndi timawaya tinayi ta platinamu: tiwiri tolowetsa magetsi, tiwiri toyeza volteji, n'cholinga choti kukana kwa mawayawo kusawerengedwe ngati kwa mwalawo.

Zovuta zimayambira pomwepo. Rhenium ndi chitsulo, choncho amayenera kumumata ndi ufa wa boron nitride wosakaniza ndi guluu. Chomatacho chikang'ambika, waya amagunda chitsulo, mita n'kuonetsa ngati okusayidi wasanduka chodutsa magetsi pomwe ndi shoti chabe. Madayamondi akapendekeka pang'ono, limodzi limasweka. Komanso ngati kachidutswako sikanazunguliridwe ndi chinthu chofewa chofalitsa kupanikizika mofanana, mbali ina imasintha msanga ina isanasinthe, ndipo malabotale awiri amapeza manambala osiyana pa mwala umodzimodzi.

Mwina anawo adzafuna kuyesa okha, kuthira ufa wa dzimbiri m'kapaipi ka pulasitiki, kuupana ndi mabawuti awiri pa vayisi, n'kulumikiza mita. Aloleni, ndipo mwina nambala ya kukana magetsi idzatsika akamamanga vayisiyo. Koma chimene chatsitsa ndi timibulu ta ufa timene tayamba kukhudzana bwino, kuphatikizapo chinyontho, chomwe ku Mulanje sichisowa. Auzeni aumitse ufawo pa mbaula kaye, ayezenso, ayerekeze manambala awiriwo.