Kwa Obwera Kumene ku America: Kakonzedwe ka Jele wa Cranberry wa M'chikombole

Mwezi wa Novembala ukangoyamba, munthu amene wafika kumene kuno ku America amayamba kufunsidwa kuntchito, kusukulu ndi kutchalitchi kuti Thanksgiving, chikondwerero cha tsiku lothokoza, akadyera kwa ndani. Tsikuli limagwa pa Lachinayi la nambala 4 m'mwezi wa Novembala, monga inakhazikitsira nyumba ya malamulo ya dziko lino m'chaka cha 1941, ngakhale kuti pulezidenti Abraham Lincoln anali atalilengeza kale kukhala tsiku la fuko lonse mu 1863. Abale athu a ku Canada amachita lawo msanga, Lolemba lachiwiri la mwezi wa Okutobala. Akakuitanani, dziwani kuti kupita chimanjamanja sikuoneka bwino, ndipo mukafunsa kuti mubweretse chiyani, kawirikawiri eni khomo amangoyankha kuti chilichonse chimene mungathe. Yankho limeneli limasautsa mlendo, chifukwa nkhukundembo amaotcha eni ake, mbatata ndi payi zimakhala ndi anthu amene akhala akuzibweretsa kwa zaka zambiri, ndipo uvuni ya pakhomopo imakhala yodzaza kuyambira m'mawa. Ine ndakhala kuno ku Indiana zaka zoposa khumi, ndipo chimene ndimalangiza aliyense wobwera kumene ndi jele wa cranberry woumbidwa m'chikombole, chifukwa salira ndalama zambiri, safuna uvuni, ndipo amakonzedwa dzulo lake.

Zipatso za cranberry kwathu kulibe, choncho ndiyambe ndi kuzifotokoza. Ndi tizipatso tofiira, tolimba, tosaposa nthudza kukula kwake, timene timamera pa timitengo toyanga m'malo a lowe kumpoto kwa America. Dera la Wisconsin limakolola zoposa theka la zipatso zonse za dziko lino, ndipo lotsatira ndi Massachusetts, kenaka madera ngati Oregon, New Jersey ndi Washington. Alimi ambiri amakolola kuyambira mu Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo amatero podzaza minda ndi madzi, popeza chipatso chilichonse chili ndi timphako ta mpweya m'kati mwake timene timachititsa kuti chiyandame. Mukatafuna chimodzi chachiwisi mudzakwinya nkhope, chifukwa n'chowawasa ngati bwemba wosapsa. Chimene chimafanana nacho kwambiri pa zakudya zakwathu ndi chidede, ndipo si ine ndekha amene ndinaona kufananaku, pakuti anthu a kum'mwera kwa dziko lino amatchula chidede kuti Florida cranberry. Amene anakula akumwa chakumwa cha chidede sadzavutika kuzolowera kakomedwe kameneka.

Mukalowa m'sitolo musafunse jelly, chifukwa kuno dzina limenelo ndi la chopaka pa buledi, ndipo adzakulozerani shelefu ya jamu. Funsani gelatin, kapena Jell-O, dzina la malonda limene linayambira m'tauni ya LeRoy ku New York mu 1897 ndipo tsopano anthu amangoligwiritsa ntchito ponena jele wa mtundu uliwonse. Kabokosi kakang'ono kamalemera maaunzi 3, amene ndi magalamu 85, ndipo kakakulu ndi maaunzi 6, magalamu 170. Pa chikombole cholowa makapu 6 mufunika kabokosi kakakulu kamodzi ka raspberry kapena cherry, chitini chimodzi cha maaunzi 14 cha cranberry sauce, chitini chaching'ono cha maaunzi 8 cha chinanazi chophwanyaphwanya, lalanje limodzi, apozi mmodzi, ndi theka la kapu ya mtedza wa walnut kapena pecan. Pa chitini cha cranberry yang'anani mawu akuti whole berry, kutanthauza kuti zipatso zake n'zathunthu, chifukwa pali china chofanana nacho cholembedwa jellied chimene ndi chosalala chopanda chipatso. Kapu ya kuno ndi muyeso weniweni wa mamililita pafupifupi 240, osati kapu iliyonse yomwera tiyi, ndiye gulani kapu yoyezera. Chikombole musachigule chatsopano. M'masitolo a katundu wa kaunjika mumapezeka zikombole zambiri za pulasitiki ndi za chitsulo zooneka ngati nkhata, ndipo chiwaya chophikira keke cha mtundu wa Bundt chimagwiranso ntchito, kungoti n'chachikulu, choncho mungafunike kuwirikiza kawiri zonse zimene ndatchulazi.

Kuti musalakwitse, n'kofunika kumvetsa chimene chimaundanitsa jele. Aliyense amene anaphikapo mang'ina amadziwa kuti msuzi wake ukagona m'poto mpaka m'mawa umagwirana n'kumanjenjemera, ndipo ukautenthetsa umabwerera kukhala madzi. Jeletini ndi chinthu chomwecho, chochotsedwa m'zikopa ndi m'mafupa a nyama, n'kuumitsidwa kukhala ufa. Amasungunuka m'madzi otentha, amagwirana pang'onopang'ono akazizira, ndipo amasungunukanso pa kutentha kochepera pang'ono pa kwa thupi la munthu, n'chifukwa chake amatha msanga m'kamwa. Zolakwika zonse zimene ndaona anthu akuchita zimachokera pa kuiwala mfundo zitatu zimenezi, kapena pa kuthiramo chipatso chimene chimadya jeletiniyo.

Cholakwika chomalizachi ndinachichita ine ndemwe chaka changa choyamba, ndipo chinandipweteka mtima kwambiri. Banja lina la kutchalitchi, limene linatithandiza mipando ndi zofunda titangofika, linatiitana ku Thanksgiving, ndipo ndinkafuna kuthokoza ndi chakudya chabwino. Malangizo amene ndinapatsidwa ananena za chinanazi cha m'chitini, koma ine ndinaganiza kuti munthu wakwathu, amene anadyapo zinanazi za ku Mulanje, sangapatse anthu owalemekeza chipatso cha m'chitini. Ndinagula chinanazi chachiwisi, ndinachisenda, ndinachidula bwinobwino n'kuthira mu jele. M'mawa wa Lachinayi ndinatsegula firiji n'kupendeketsa chikombole, ndipo zonse zinayenderera ngati thobwa, tizidutswa ta chinanazi tikuyandama pamwamba. Masitolo ambiri anali otseka tsiku limenelo ndipo nthawi yoyambiranso panalibe, moti tinangonyamula mabotolo a zakumwa. Mayi wa pakhomopo ndi amene anandifotokozera modekha, tikutsuka mbale madzulo, kuti chinanazi chachiwisi chili ndi mphamvu yotchedwa bromelain imene imaduladula jeletini kuti asagwirane, ndipo kutentha kwa pokonza zitini ndi kumene kumapha mphamvuyo. Papaya, kiwi, magwafa, nkhuyu ndi jinja wamuwisi zimachita chimodzimodzi. Ife a kwathu sitiyenera kudabwa nazo, popeza timadziwa kuti masamba a papaya amafewetsa nyama yolimba. Ngati mukufunitsitsa chinanazi chachiwisi, chiwiritseni kaye kwa mphindi zingapo n'kuchiziziritsa.

Kakonzedwe kake n'kotere. Lachitatu masana, kapena Lachiwiri madzulo ngati mumagwira ntchito usiku, thirani ufa wa jele m'mbale yolowa ndi kuthiramo kapu imodzi ndi theka ya madzi amene angobwadamuka kumene. Takasani kwa mphindi ziwiri zathunthu, kufikira mutasiya kumva timchenga pansi pa supuni, chifukwa ufa wosasungunuka umasiya nthubwinthubwi zolimba pansi pa mbale ndipo jele yenseyo amafooka. Thiranimo cranberry wa m'chitini akadali otentha madziwo, n'kumamuphwanya ndi foloko mpaka atasakanikirana, kenaka onjezani theka la kapu ya madzi ozizira a lalanje limodzi ndi chinanazi ndi madzi ake omwe. Mudzaona kuti madzi amenewa ndi ochepa poyerekeza ndi amene alembedwa pa bokosi. N'zadala, chifukwa muyeso wa pa bokosi ndi wa jele wodyera m'mbale momwemo, pamene wa m'chikombole ayenera kuima yekha pa tebulo popanda chomutchinjiriza.

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Musathire apozi ndi mtedza nthawi yomweyo, chifukwa zopepuka zidzayandama, zolemera zidzamira, ndipo mukadzagadabuza chikombole zipatso zonse zidzakhala zitaunjikana mbali imodzi. Ikani mbaleyo m'firiji kwa ola limodzi ndi theka, ndipo muziiyang'ana. Nthawi yabwino ndi pamene jele wafika pokoka ngati choyera cha dzira laliwisi, moti mukadutsitsa supuni pamatsala kanjira kamene kamatsekeka pang'onopang'ono. Pamenepo thiranimo apozi wodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, mtedza wosinja pang'ono chabe, ndi khungu la lalanje lopala pang'ono, la pamwamba pokha, chifukwa choyera cha m'kati mwake chimawawa. Anthu ambiri a kuno amathiramonso celery, ndiwo ya mapesi okhukhuta, wodula bwino. Poyamba ndinkaona ngati n'zosagwirizana, koma tsopano ndimamuika, chifukwa kukhukhuta kwake kumachepetsa kutsekemera. Pakani mafuta ophikira pang'ono kwambiri m'chikombole, kufikira m'makona monse, n'kupukuta otsala ndi pepala, kenaka thirani jele, gogodani chikombolecho pa tebulo kawiri kapena katatu kuti mpweya utuluke, vundikirani, ndi kubwezera m'firiji. Bokosi limanena maola 4, koma jele wodzaza zipatso chotere amafuna usiku wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene amayesa kufulumizitsa poika mufiriza amapeza kunja kwachita ayezi, m'kati muli madzi, ndipo akasungunuka amakha madzi pa mbale.

Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito zipatso zaziwisi m'malo mwa chitini, thumba la maaunzi 12, amene ndi magalamu 340, liphikeni ndi kapu imodzi ya shuga ndi kapu imodzi ya madzi kwa mphindi pafupifupi 10, mpaka zipatso zitaphulika. Zimakoma kuposa za m'chitini ndipo shuga mumadziyezera nokha, koma chaka choyamba ndikulangizani chitini.

Kutulutsa jele m'chikombole muchitire kumene mukupitako, osati kwanu. Nyamulani chikombole chovundikira bwino, muchiike pansi m'galimoto kutali ndi potulukira mpweya wotentha, ndipo mukafika pemphani kamalo m'firiji. Nthawi ya chakudya ikayandikira, nyowetsani zala zanu n'kukoka jele pang'onopang'ono m'mbali monse kuti mpweya ulowe. Viikani chikombole m'madzi ofunda, osati otentha, mpaka m'milomo mwake kwa masekondi 10 kapena 15. Nyowetsani mbale yoikirapo ndi madzi ozizira, chifukwa jele akagwera pa mbale youma amamatirira pomwepo ndipo ngati wagwera pambali simungamusunthe. Vundikirani mbaleyo pa chikombole, gwirani zonse ziwiri mwamphamvu, gadabuzani kamodzi, n'kugwedeza pang'ono. Mudzamva kaphokoso kofewa akamatsika. Akakana, viikaninso kwa masekondi ochepa, koma musapanikize ndi mpeni. Musadabwe eni khomo akamutchula kuti saladi n'kumuika pafupi ndi nkhukundembo m'malo modikira nthawi ya zotsekemera, chifukwa m'madera a pakati pa dziko lino ndi mmene amadyera, kuwawasa kwake kumayenda bwino ndi nyama yamafuta ndi msuzi wake. Ingoonetsetsani kuti sanaikidwe pafupi ndi chitofu kapena mbale yotentha.

Pali nkhani ina imene ndimaiona kukhala yolemera kuposa zonsezi. Jeletini wambiri wa m'masitolo a kuno amachokera ku zikopa za nkhumba kapena za ng'ombe, ndipo kawirikawiri bokosi silinena kuti ndi nyama iti. Pakati pa Amalawi a kuno pali abale athu Asilamu, ndipo pali a Seventh-day Adventist ambiri, makamaka m'chigawo chino cha South Bend ndi kutsidya kwa malire ku Michigan, kufupi ndi yunivesite ya Andrews ku Berrien Springs. Kupatsa munthu chakudya chimene chipembedzo chake chimaletsa, iye osadziwa, ndi kumulakwira kwakukulu, ngakhale mutachita mosazindikira. Safunsa anadya phula, choncho funsani eni khomo pasadakhale ngati padzakhale wina wosadya nkhumba, wosadya nyama konse, kapena amene thupi lake limadana ndi mtedza, pakuti vuto la mtedza kuno limatha kuthamangitsa mwana kuchipatala. Ngati alipo, mtedza usiyeni kapena muuike m'kambale kapadera, ndipo pa jeletini funani amene walembedwa momveka kuti ndi wa nsomba kapena wa ng'ombe ya halal. Wotereyu nthawi zambiri amakhala wopanda shuga ndi fungo, ndipo magalamu 7 amagwiranitsa makapu awiri a madzi, koma pa chikombole chepetsani madziwo pang'ono. Munyikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 5 asanakumane ndi juwisi wotentha wa cranberry. Njira ina ndi agar, ufa wochokera ku zomera za m'nyanja umene umapezeka m'masitolo a anthu a ku Asia. Uwu uyenera kuwira ndithu kwa mphindi zingapo, umagwirana msanga ngakhale kunja kwa firiji, ndipo umalimba osanjenjemera, choncho uyeseni kaye sabata imodzi tsikulo lisanafike. Ine ndimalemba pa kapepala zonse zimene ndaikamo n'kukaika pambali pa mbale, kuti munthu asachite kufunsa pagulu.

Jele wotsala amakhala m'firiji masiku atatu kapena anayi ngati wavundikiridwa. Zipatso zaziwisi za cranberry zimasowa m'masitolo ambiri chaka chikangotha, ndiye ngati mukufuna kudzakonzanso pa Khirisimasi kapena pa chaka chatsopano, gulani matumba awiri kapena atatu mu Novembala n'kuwaika mufiriza osatsegula. Zimasungika miyezi yambiri, ndipo pophika simufunika kudikira kuti zisungunuke, mumangozithira m'poto zili choncho.