Mvula yayandikira, tikonzekere chani ife opanda ndalama?

Mayi wina wa ku Bangwe wanditumizira imelo, ndiifupikitse: nyumba yawo ya lendi ili m'munsi mwa phiri, ali ndi ana atatu komanso apongozi omwe amamwa mankhwala a BP, ndiye akuti, "zokonzekera ngozi timangozimva pa wayilesi, koma ife opanda ndalama tiyambire pati?"

Mayi, mantha anuwo ndi omveka. Tonse tikukumbukira namondwe Freddy mu March 2023, mvula inagwa masiku angapo osakata mpaka matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo dziko lonse anthu oposa 1,000 anatisiya.

Koma chachikulu sichogula ayi. Chachikulu ndi kugwirizana panopa, kunja kukadali dzuwa, kuti mudzachoka liti ndipo mudzalowera kuti. Khalani pansi ndi bambo akunyumba mumange mfundo imodzi: a zanyengo kapena a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akalengeza chenjezo, olo mvula yalowa tsiku lachiwiri osakata ndipo mwaona madzi akutumphuka pomwe sipatuluka madzi, khoma layamba ming'alu, kamtsinje kasanduka matope okhaokha, basi mukunyamuka kukadali kowala. Osadikira usiku, nthawi ngati imeneyo magetsi amakhala atathima kale, paja namondwe Ana mu January 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira dziko n'kukhala mumdima. Ndipo ndinene mosabisa, azibambo ambiri ndi amene amachedwetsa banja, amati nditsale ndilondere katundu akuba angatibere, ndiye mayi nawo safuna kuwasiya okha, mapeto ake nonse mwagona momwemo. Sofa ndi TV zisakugonekeni pansi pa phiri. Nkhani imeneyi mukanganirane lero, osati madzi ali pakhomo.

Kopita kukhale kodziwika, kaya kwa achibale okhala pamalo okwera koma kutali ndi phiri, kaya ku sukulu kapena tchalitchi chomwe amfumu ndi komiti yoona za ngozi anasankha. Afunseni amfumuwo, ndi ntchito yawo. Ana adziwenso malowo, ndipo wamkuluyo aloweze nambala yanu ya foni pamtima.

Kenako jumbo. Ma ID, mabuku a kuchipatala a aliyense, makadi a kusikelo, masatifiketi a sukulu, kulungani mu jumbo ziwiri muike mu ndowa ya chivindikiro pafupi ndi chitseko. Momwemo muponyemo tochi, machesi ndi kandalama pang'ono ka m'manja, poti netiweki ikagwa Mpamba ndi Airtel Money sizikuthandizani. Mankhwala a apongozi asamachite kutsala awiri kenako muzikatenga ena, chimodzimodzi amene ali pa ma ARV, a TB kapena a shuga.

China chomwe anthu amaiwala, madzi akaphwa ngozi imakhala isanathe. Zimbudzi zimasefukira m'zitsime ndipo kolera amalowera pomwepo. Wa 2022 mpaka 2023 uja, yemwe anayambira ku Machinga, anapha anthu oposa 1,700. Madzi akumwa muzithira WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo, ma HSA aja, amagawa, mudikire mphindi 30 musanamwe, zikasowa wiritsani. Ndowa yake ikhale yovindikira, kapu yotungira ikhale imodzi ndipo ana asamapisemo manja.

Sungani timapaketi ta Thanzi ORS tingapo. Tikatha, pangani nokha: lita imodzi ya madzi otetezedwa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Munthu akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, musati tione kaye mawa, kolera amatha kumaliza munthu m'maola ochepa. Ayambe kumwa pompo, azimwa ali panjira yopita kuchipatala. Mukasowa chochita imbani 929, Chipatala Cha Pa Foni, ndi yaulere.

Za apongozizo, ganiziranitu amene adzawathandize kuyenda, chifukwa msewu ukadzaza matope wakabaza sabwera. Ngati n'kotheka iwo ndi ana azitsogola chenjezo likangomveka, akakhale kwa achibale mpaka mvula itakata.