Chionetsero cha pabwalo: anthu aone okha, musawauze

Mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, watilembera kuti gulu lawo likufuna kuonetsa pabwalo zipangizo zopepukitsa moyo wa pakhomo, monga mbaula zadothi, matumba osungira chimanga ndi nyali za sola. Akufunsa kuti ayambire pati.

Mayi, yambirani pa chimanga, chifukwa ndicho chimafuna nthawi. Kukatsala miyezi itatu, tengani chimanga cha m'munda umodzi, mugawe pawiri: china m'thumba wamba, china m'thumba la PICS, lija la mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Chikhale chouma gwa. Poyesa, thirani mchere wouma ndi chimanga chodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma, mukhutchumule. Mchere ukamata m'mbali, chiyanikeninso, apo ayi chidzachita nkhungu ndipo anthu adzanena thumba. Finyani mpweya, mumange pulasitiki iliyonse payokha. Pomanga pakhale mfumu kapena munthu wina wodalirika, ndipo yemweyo adzamasule pamaso pa anthu. Anankafumbwe akadzatuluka m'thumba wamba, simudzafunika kulankhula zambiri.

Mbaula musangoziyala pamphasa ngati mbiya zamalonda. Ikani mafuwa atatu pambali pa mbaula, mapoto ofanana, madzi malita 5 m'poto aliyense, nkhuni zouma makilo 3 mbali iliyonse. Ophika akhale amayi ochokera m'gulu la oonerera, osati inu eni. Nsima ikapsa, yezani nkhuni zotsala pasikelo. Pano zimalakwika ziwiri: mbaula yosaotchedwa bwino imang'aluka anthu akuona, ndiye iyeseni kunyumba kaye, ndipo mphepo imabalalitsa moto, choncho tchingani mbali zonse ziwiri mofanana, wina asati mwakondera.

Nyali ya sola masana siioneka kanthu. Ikani m'katoni wamkulu wobowola posuzumira, mkati muli pepala lolembedwa. Koma chimene chimakoka achinyamata n'kutchaja foni, musaiwale zingwe.

Mpondagiya, chipangizo chosambira m'manja, ndi wosavuta: chigubu cha malita 5 chobowoledwa ndi msomali wamoto, chingwe, kamtengo kopondapo, sopo ndi timiyala pansi kuti pasachite matope. Muike pafupi ndi polawira nsima.

Nthawi yabwino ndi Ogasiti kapena Seputembala, mvula kulibe ndipo ndalama ya mbatata ndi chimanga ikadali m'thumba. Sankhani tsiku la msika, m'mbali mwa njira yolowera, osati kuseri kwa sukulu. Chilolezo pemphani msanga ku Município (khonsolo ya tauni) ndi kwa akuluakulu a msika. A ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, kumene kumatentha kwambiri, azimaliza isanakwane 11 koloko.

Zikwangwani zilembedwe m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, mawu ochepa: mtengo wake m'metikali, kogula, ndi wokonza chikawonongeka. Chinthu chimene sichigulitsidwa m'boma lanu musachibweretse, mungopatsa anthu njala. Mangani zikwangwanizo pamitengo yokumbira pansi, chifukwa kamvulumvulu wa miyezi imeneyi sachedwa kuzigwetsa.